Mukafuna kudziwa kwanu, yambani ndi reji ya agogo

Mwana wanga atabwera ndi homuweki yoti alembe mayina a makolo ake mibadwo inayi, ine ndinathera pa wachitatu. Ndinabadwira ku Matero, ndakulira ku Matero, ndipo "kwathu ndi ku Katete" anali mawu a pakamwa chabe. Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikufufuza, ndipo njira yake ndi iyi.

Musathamangire kumaofesi. Yambani ndi sutikesi ya pansi pa bedi ya munthu wamkulu m'banja mwanu. Mufunemo NRC, imene timangoti reji. Pa reji pamalembedwa mudzi, mfumu ndi boma, ndipo zitatu zimenezi ndiye kiyi wa zonse. Koma chaka chobadwa musachikhulupirire msanga. Pamene mareji ankayamba mu 1965, akuluakulu ambiri ankangowayang'ana nkhope n'kuwapatsa chaka. Musutikesi momwemo muonenso khadi la ubatizo, chitupa cha nthawi ya atsamunda, tsamba loyamba la Baibulo ndi kuseri kwa zithunzi.

Kenaka pitani kwa amoyo, ndipo pano ndiye pofunika kufatsa. Osapita chimanjamanja: shuga, mchere, kaya chitenje. Ambuya mukawafunsa kuti munabadwa liti, adzakusekani. Afunseni kuti anawalera ndani, anavinidwa kuti, pa ufulu wa 1964 anali ndi ana angati kumsana ndi kumanja. Chaka mudzachiwerengera nokha kunyumba. Azimayi akale timawadziwa ndi mfunda wokha, aNaphiri, aNabanda, aNambewe, choncho funsani dzina la paubwana. Funsaninso ngati munthuyo analowa dzina la amalume ake, chifukwa dzina limodzi likhoza kukhala la anthu atatu otsatizana. Ine ndinatha miyezi ndikudabwa munthu amene anaona nkhondo ya Angoni a Mpezeni ndi azungu mu 1898 n'kudzakweranso basi kubwera ku Lusaka. Anali anthu awiri.

Mawu ajambuleni pafoni, atavomera eni ake, ndipo tsiku lomwelo dzitumizireni pa imelo. Zimene anandiuza azakhali anga masana athunthu zinapita ndi foni imene anandisolola muminibasi. Azakhaliwo sindinawapezenso amoyo.

Cholakwa changa chachikulu chinali kutsata kuchimuna. Ndinakwera basi pa Intercity, kuwoloka Luangwa, mpaka kumudzi wolembedwa pa reji ya agogo aamuna. Amfumu anandipatsa kampando pansi pa mtengo wa mango, kumvetsera zonse, kenaka anati: "Mwanawe, ameneyo kuno anali mkamwini. Anangobwera kudzakwatira." Kwa ife Achewa dzina la mfunda ambiri timatenga kwa atate, koma mudzi, munda ndi manda zili kuchikazi. Funsani mbumba, funsani atsibweni. Ngati muli ndi magazi a Chingoni, kumeneko ndiye kuchimuna. Kumudziko pemphani kuona buku la mudzi limene amasunga amfumu, ndipo kumanda musapiteko nokha ndi kamera yanu. Kumeneko kuli eni ake, ndipo mlandu wake ndi wa nkhuku kapena mbuzi.

Mapepala amene amatchula anthu wamba ndi mayina awo ali kutchalitchi. Adachi, amene lero ndi Reformed Church in Zambia, anayamba ku Magwero mu 1899. Akatolika a White Fathers anatsegula Kachebere pamalire ndi Malawi mu 1903, ndipo a Anglican anakhazikika ku Msoro. Dziwani kaye kumene makolo anu ankapemphera, kenaka kapempheni buku la ubatizo kapena la maukwati. Mzere umodzi wa m'buku lotere ukhoza kukupatsani dzina la mwana, atate, amayi ndi mudzi. Chenjerani kuti munthu akabatizidwa ankalandira dzina latsopano, ndiye mupite ndi mayina onse awiri. Muno mu Lusaka, ku FENZA cha ku Bauleni kuli laibulale ndi zolemba zakale za ansembe a White Fathers.

Mukatha zonsezi m'pamene mungapite ku National Archives of Zambia, pa Government Road ku Ridgeway. Tengani reji yanu, pensulo ndi kope, ndipo funsani za malipiro ndi chilolezo chojambula musanatulutse foni. Mukangoti "ndikufuna agogo anga", palibe angakuthandizeni, chifukwa azungu sankasunga mafayilo potsata dzina la munthu wamba. Tchulani boma ndi mfumu. Pemphani ma District Notebooks, mabuku amene abwanamkubwa a m'maboma ankalembamo mbiri ya mafumu, midzi, msonkho ndi kusamuka kwa anthu. Gwiritsani mayina akale: Chipata ndi Fort Jameson, Kabwe ndi Broken Hill, Mchinji ndi Fort Manning, Harare ndi Salisbury, Hwange ndi Wankie. Kalembedwe nakonso kankasintha, apa Cewa, apo Chewa. Dzina la mudzi wathu ndinalipeza litalembedwa mitundu itatu.

Ngati agogo anagwirako kumigodi ya Copperbelt, zolemba za migodi zimasungidwa ku Ndola. Ngati mzere wanu uwoloka malire, monga mmene uliri wa ambiri a ife, National Archives of Malawi ili ku Zomba. Pa intaneti pali FamilySearch, ndi yaulere, yesani, koma ine sindinapezepo wachibale ndi mmodzi yemwe.

Chilichonse mwapeza, lembani m'kope limodzi pamodzi ndi amene anakuuzani ndi tsiku lake. Akatsutsana awiri, lembani zonse ziwiri, osasankha yokoma. Ambuya anga amati makolo awo anali achifumu, pamene alongo awo amati ankangonyamulira mfumu mpando, ndipo mawu onse awiri ali patsamba limodzi.

Pakali pano ndafika mbadwo wachisanu kuchikazi. Kuchimuna ndikadali pa mkamwini uja, amene amfumu anati anachokera cha ku Mchinji, ndiye ndikusunga ya basi kuti ndikawolokere pa Mwami mvula ikatha.