Kokonati wanthete: muyeseni musanamwe madzi ake

Kutentha kukafika pachimake mu Okutobala ndi Novembala, pomwe mumzinda wa Tete kumapitirira madigiri 40, madzi a kokonati wanthete amagulidwa kwambiri. Ogulitsa ambiri amamutchula kuti lanho. Koma kokonati wochuluka kuno kwathu ndi mlendo. Minda yake ikuluikulu ili kugombe, ku Zambézia ndi ku Inhambane, ndipo pofika ku Moatize kapena ku Ulónguè amakhala atagona m'matumba, atawombedwa ndi dzuwa pamwamba pa lole, ataponyedwa potsitsa. Zambiri zoipa zimayambira paulendowu.

Woyenera kumwa ndi wa miyezi 6 mpaka 8 chimangireni. Wotere amakhala wodzaza thothotho, choncho mukamugwedeza pafupi ndi khutu samveka kanthu. Apa ambiri amasokonezeka chifukwa anazolowera wokhwima, wa miyezi 11 kapena 12, amene madzi ake amamveka khuchukhuchu. Wanthete akamamveka choncho ndiye kuti wayamba kukhwima kapena madzi atayikako. Nyamulani awiri ofanana kukula, mutenge wolemerayo.

Kenako yang'anani kumutu, pamene panali phesi. Pali kachipewa kolimba, ndipo chigoba cha pansi pake ndi pamene pali maso atatu aja, khomo lofewa lolowera zoola. Kachipewako kazikhala kogwira zolimba. Kakamasuka mukangokakhudza, pansi pake pali ponyowa, pakuda, pali chuku kapena pakuyenda nyerere, musiyeni. Nunkhizani pomwepo: fungo losasa kapena la mowa likutanthauza kuti madzi ayamba kuwira mkati.

Zipsera zouma zofiirira pakhungu zisakuopseni, zambiri ndi zokhulana pamtengo. Choopsa ndi malo ofewa amene chala chikulowa, kapena mng'alu wotuluka madzi omata. Chigoba cha kokonati wanthete chimakhala chisanalimbe, ndiye akagwa kuchokera pamwamba chimang'aluka mkati ngakhale kunja kukuoneka bwinobwino. N'chifukwa chake okolola odziwa ntchito amatsitsa phava lonse ndi chingwe. Wotola pansi si wakumwa.

Amene amatidetsa nkhawa kwambiri ndi wosendasenda, woyera uja. Makoko ndiwo chitetezo chake. Akachotsedwa, chuku chimapeza njira msanga, ndipo malo ake ndi mufiriji basi. Ku Denmark bambo wina wa zaka 69 anamwalira atamwa pang'ono chabe madzi a kokonati wosenda amene anakhala patebulo pafupifupi mwezi. Ofufuza anapeza poizoni wa 3-nitropropionic acid wochokera ku chuku, amene amawononga ubongo. Wosenda amene wakhala padzuwa pamsika, wachita madontho akuda, obiriwira kapena apinki pamakoko, musagule ngakhale atsitse mtengo.

Potsegula, uzani wogulitsa adule inu mukuona. Chikwanje chimene changodula zina kapena chinali pansi chitsukidwe ndi sopo ndi madzi abwino, makamaka nyengo ya dzinja pamene kolera amavuta. Ndipo musafulumire kulowetsa kapaipi komwera. Thirani madziwo m'tambula yoonekera, muwaone. Abwino amakhala oyera kapena otuwirako pang'ono, onunkhira bwino, otsekemera mosapitirira. Akakhala achikasu, onanda, otuluka thovu, owawa kapena osasa, lavulani, tsukani m'kamwa, mutaye kokonati yense. Madzi amene asanduka apinki atakhalitsa m'tambula nthawi zambiri ndi mpweya chabe wawasintha, koma akatuluka ali choncho pongotsegula, ife timalangiza kutaya.

Mumswe pakati muone mnofu. Uzikhala woyera, wofewa, wopalika ndi supuni. Wotuwa, wachikasu, woterera, kapena wolekana wokha ndi chigoba ndi wowonongeka. Musadule poolapo n'kudya kotsalako, musapatse ana, ndipo musaganize kuti kuphika kukonza zinthu. Anthu a m'chigawo chino cha Tete sitinaiwale za ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, kumene mu Januwale 2015 anthu 75 anamwalira atamwa mowa wophika pakhomo wotchedwa pombe pamaliro. Poizoni wake, bongkrekic acid, anachokera ku bakiteriya amene anamera mu ufa wa chimanga wowonongeka. Bakiteriya yemweyo amakonda mnofu wa kokonati wosasitsa, ndipo anadziwika koyamba ku Indonesia m'chakudya chopangidwa ndi zotsalira za kokonati. Poizoniyu alibe fungo, alibe kakomedwe, ndipo moto sumupha. Choncho mnofu wopala kapena wokanda usagone pamalo otentha. Gwiritsani ntchito tsiku lomwelo.

Wamphumphu, wamakoko ake onse, muikeni pamthunzi podutsa mphepo, osati m'thumba la pulasitiki, ndipo mumwe pasanathe sabata. Wotsegula imwani nthawi yomweyo. Madzi otsala alowe m'botolo loyera lotseka, mufiriji, osapitirira tsiku limodzi. Odwala impso afunse kaye kuchipatala, chifukwa madziwa ali ndi potaziyamu wambiri, ndipo khanda losakwana miyezi 6 lizingoyamwa. Munthu akayamba kusanza, chizungulire, kufooka kapena kubalalika mutu atamwa kokonati wokayikitsa, muthamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo, mutanyamula kokonatiyo kuti achipatala amuone.