Kusewera Spades muli awiri: kusankha makadi, kulonjeza ndi kudya

Spades ndi masewera a makadi amene anayambira ku United States m'zaka za m'ma 1930, ndipo kawirikawiri amaseweredwa ndi anthu anayi, awiri mbali iyi awiri mbali inayo. Palinso kaseweredwe ka anthu awiri okha, kamene ine ndimakaona kuti kamafuna kuganiza kwambiri, chifukwa palibe mnzanu woti akupulumutseni mukalakwitsa, ndiponso makadi amene mwagwira m'manja mumakhala mutathandizira nokha kuwasankha.

Pamafunika paketi ya makadi 52 yopanda majoker, pepala ndi cholembera. Pa mtundu uliwonse, khadi lalikulu ndi Ace, kenako King, Queen, Jack, 10, kutsika mpaka 2. Pa mitundu inayi ya makadi, spades ndiwo olamula nthawi zonse, moti 2 wa spades amagonjetsa Ace wa hearts, wa diamonds kapena wa clubs.

Makadi sagawidwa monga mwa masiku onse. Mukawasakaniza, aikeni pakati chovundikira, ndipo woyamba atenge khadi lapamwamba n'kuliyang'ana yekha. Akalikonda, alisunge, kenako atenge lachiwiri, aliyang'ane n'kulitaya pambali chovundikira ngakhale litakhala labwino chotani. Akapanda kulikonda loyambalo, alitaye, koma lachiwiri ayenera kulisunga zivute zitani. Muzisinthana chomwecho mpaka mulu utatha, ndipo pamenepo aliyense amakhala ndi makadi 13, pamene 26 atayidwa ndipo sagwiranso ntchito pa ulendo umenewo.

Ambiri amathamanga pa gawo limeneli ngati kuti masewera sanayambe, chonsecho ndi pamene amapambanirana. Ace aliyense ndi wosunga, King nayenso, ndipo spades pafupifupi onse ndi osunga, ngakhale aang'ono. Chovuta ndi makadi apakati monga 9 kapena 10 wa mitundu ina, chifukwa mukataya 10 wa clubs mungathe kulandira Ace wa spades, koma mungathenso kulandira 3 wa diamonds. Apa yang'anani zimene muli nazo kale. Ngati mwafika pakati mulibe clubs ngakhale mmodzi, mutayeni 10 ameneyo, chifukwa kusowa mtundu wina wonse ndi mwayi wodula ndi spade mtunduwo ukangoponyedwa. Chimapweteka kwambiri ndi kusunga Jack wa hearts kenako n'kuona kuti khadi lachiwiri, loti mulitaye, ndi King wa spades. Komabe musalitaye mokwiya n'kuliiwala, popeza tsopano mukudziwa chinthu chimene mnzanuyo sakuchidziwa, chakuti King ameneyo sali m'masewera ndipo Queen wa spades wakwera udindo.

Pomaliza kusankha mumakhala mutaona makadi 26, ndipo makadi 13 a mnzanu ali pakati pa 26 amene simunawaone. Simufunika kukumbukira onse amene munataya. Kumbukirani akuluakulu okha, komanso chiwerengero cha spades amene anadutsa m'manja mwanu. Ace amene simunamuone muzimuganizira kuti ali kwa mnzanuyo, chifukwa akanamuona ngati khadi loyamba sakanamutaya.

Musanaponye khadi lililonse, aliyense amalonjeza kuti adya kangati. Kudya kamodzi ndiko kupambana makadi awiri amene aponyedwa pakati, lanu ndi la mnzanu, ndipo pa ulendo umodzi mpata wakudya ulipo ka 13. Gwirizanani poyambirira amene azilonjeza koyamba, ndipo muzisinthana ulendo uliwonse, chifukwa wolonjeza pambuyo amakhala atamva kale mphamvu za mnzake. Malonjezo awiriwo sachita kufunika kukwana 13.

Tiyerekeze kuti muli ndi Ace, Queen, 9, 6 ndi 3 a spades. Ace, King ndi 4 a hearts. King ndi 8 a diamonds. Ndiponso 10, 7 ndi 2 a clubs. Pa spades asanuwo mungayembekezere kudya kanayi, Ace ndi King a hearts akupatsani kawiri, ndipo King wa diamonds ndi wodalirika ngati mukukumbukira kuti Ace wake munamutaya nokha. Pamenepo lonjezo la 7 ndi loyenera. Ngati Ace wa diamonds simunamuone, nenani 6. Ozolowera kusewera anayi amalonjeza mochepa kwambiri akayamba kusewera awiri, poiwala kuti theka la makadi lili kunja ndipo ngakhale 10 amatha kudya.

Poponya, woyamba aike khadi lililonse kupatula spade, ndipo winayo ayenera kuyankha ndi mtundu womwewo ngati ali nawo. Ngati alibe, ali ndi ufulu wodula ndi spade kapena kutaya khadi la mtundu wina. Khadi lalikulu la mtundu umene unayamba ndilo limadya, pokhapokha wina atadula, ndipo amene wadya ndiye amayamba kuponya kotsatira. Palibe amene amaloledwa kuyamba ndi spade mpaka wina atadulapo kamodzi, kupatula ngati m'manja mwake mwatsala spades okhaokha.

Ponyani ma Ace ndi ma King a mitundu ina mofulumira, mnzanuyo asanathe mtunduwo. Ngati muli ndi hearts asanu kapena asanu ndi mmodzi, dziwani kuti iye ayenera kukhala nawo ochepa, ndipo wachiwiri kapena wachitatu adzadulidwa. Koma mtundu wautali woterowo uli ndi ntchito ina: mukamauponya mobwerezabwereza, mumamukakamiza kuwononga spades ake podula makadi anu aang'ono, ndipo spades ake akatha, otsala anu onse amadya okha.

Kuwerenga mapointi n'kosavuta. Mukakwaniritsa lonjezo, mumalandira mapointi 10 pa kudya kulikonse kumene munalonjeza, ndi pointi imodzi pa kulikonse kopitirira. Wolonjeza 6 n'kudya 8 amalemba 62, pamene wolonjeza 6 n'kudya 5 amachotseredwa 60. Kudya kopitirira lonjezo osewera amakutcha bags, ndipo kukaunjikana n'kufika pa 10, mumachotseredwa mapointi 100. Woyamba kufika pa 500 ndiye wapambana. Ena amalolanso lonjezo lakuti sudya ngakhale kamodzi, lotchedwa nil, limene limapatsa 100 likatheka n'kuchotsa 100 likalephereka. Muli awiri, nil ndi yovuta zedi, chifukwa mnzanuyo amangoponya makadi ake aang'ono mpaka mutakodwa, choncho ndi ya amene anayamba kuikonzekera posankha makadi pomwe.

Malonjezo akangonenedwa, aphatikizeni mumtima. Akakwana 14, mmodzi wa inu alephera ndithu, choncho limbanani pa khadi lililonse. Akakwana 13, kudya kamodzi kokha kopitirira lonjezo lanu kumagwetsa mnzanuyo, ndipo kulandira bag imodzi n'kumuchotsera 60 kapena 70 ndi phindu loonekeratu. Akakwana 10 kapena 11, nkhani imatembenuka, chifukwa pali kudya kuwiri kapena kutatu kumene palibe akukufuna. Pamenepo mukangokwaniritsa lonjezo lanu, yambani kutaya makadi akuluakulu pansi pa akuluakulu a mnzanuyo, n'kusunga 2 ndi 3 kuti muthawire pomaliza, makamaka ngati papepala pakuonetsa kuti iye ali kale ndi bags 8 kapena 9.