Mmene mungalondolere ndalama za bajeti mpaka pa sukulu ya mwana wanu

Ambirife bajeti timangoimvera pa wailesi nduna ya zachuma ikamawerenga ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, aphungu a boma akumenya matebulo, ife khutu lili pa PAYE ndi feteleza basi, zikadutsa izo tatseka wailesi. Koma choko, madesiki ndi panado wakuchipatala zili momwemo, ndiye tamvani mmene ndimachitira ine.

Yambani ndi kalendala. Kuyambira 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 April nkutha pa 31 March, osati July ngati kale ayi. Ndiye bajeti imabwera chakumayambiriro kwa chaka, April asanafike, koma musaiwale kauniuni wa bajeti wapakati pa chaka uja amati mid-year, pamenepo mpamene zina zimadulidwa mwakachetechete anthu tili bize ndi zina.

Kenako musakomedwe ndi mabiliyoni. Funso ndi lakuti pa K100 iliyonse, maphunziro atenga zingati? Muyezo omwe akatswiri amakonda kutchula ndi 20, pomwe zaumoyo maiko a mu Africa anagwirizana ku Abuja mu 2001 kuti zizipatsidwa 15. Komanso yerekezani ndi mitengo, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndalama yomweyo inasiya kugula mapepala omwe inkagula, ndiye nambala itha kukwera koma sukulu nkusauka kuposa chaka chatha.

Apa ndiye pofunika kudekha. Ndalama za maphunziro zili mmagawo, malipiro a aphunzitsi, za chitukuko zomangira mabuloko, ndi ORT yomwe ndi ndalama yoyendetsera ntchito tsiku ndi tsiku. MRA ikalephera kutolera mmene amayembekezera, chiwongola dzanja cha ngongole chimalipidwa ndithu, malipiro amatuluka ngakhale mochedwa, chomwe chimafa ndi ORT ndi chitukuko, ndichifukwa chake ambulansi imakhala ilipo koma mafuta palibe, mphunzitsi alipo koma choko akugula yekha. Ndiye mukamva kuti msonkho wakuti wachotsedwa ombani mmanja inde, koma funsaninso kuti dzenjelo alikwirira ndi chani, VAT, ngongole ina kapena kudula? Malonjezo atsopano nawonso afunseni chimodzimodzi. Pulayimale yaulere itayamba mu 1994 ana oposa miliyoni anakhamukira ku sukulu nthawi imodzi, makalasi ndi aphunzitsi osakwana, mpaka lero ena akuphunzirabe pansi pa mtengo.

Tsopano tsikirani kwanuko. Sukulu za pulayimale za boma zimalandira thandizo la ndalama zotukulira sukulu lotchedwa SIG, ndipo komiti ya sukulu imayenera kudziwa kuti zalowa zingati. Pamsonkhano wa makolo imikani dzanja mufunse ahedi mwaulemu zinthu zitatu, tinalonjezedwa zingati, zafika zingati, zafika liti. La "liti" ndi lomwe limaulula zambiri, pa sukulu ya mwana wanga chaka china ndalama zinafika teremu yachitatu, ife makolo titasonkha kale kawiri konse za mayeso.

Ahedi akamazungulira pitani kwa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale mdera lanu, ku ofesi yawo ya TDC, zikakanika lembani kalata ku ofesi ya maphunziro ya pa boma, mutchulemo lamulo lopatsa anthu ufulu opeza uthenga lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020. Lembani makope awiri, imodzi akudindireni chidindo mubwere nayo kunyumba.