Kusema cholembera ndi chotupa cha mtengo chong'aluka

Mwafunsa ngati chotupa cha mtengo chodzaza ming'alu chingatulutse cholembera. Chingatulutse, ndipo ming'aluyo ndi imene imachikongoletsa.

Choyamba, mtengowo uume kwambiri, chifukwa chinyezi chimayeretsa ngati mkaka epoxy, utomoni womwe mudzathire m'ming'alumo. Chotsani makungwa ndi fumbi m'ming'alu, kenako dulani kachidutswa ka mamilimita pafupifupi 20 mbali zonse ndi 130 mulitali.

Kaikeni m'kachikombole. Sakanizani epoxy motsatira muyezo wolembedwa pabotolo, onjezani utoto pang'ono, ndipo thirani pang'onopang'ono mpaka ming'alu yonse ikhute. Apa musathamange ayi. Ngati muli ndi pressure pot (mphika wotsekeka wopoperamo mpweya wamphamvu), kaikeni mmenemo kuti thovu lisaoneke. Dikirani masiku angapo. Epoxy wosalimba bwino amamatirira pa tchizulo.

Kakalimba, dulani pawiri, boolani ndi bitsi ya mamilimita 7 ngati zitsulo za cholembera chanu ndi za mtundu wowonda wotchedwa slimline, ndipo matani timapaipi ta brass mkatimo. Lungamitsani nsonga.

Mangani pa mandrel (kandodo kachitsulo kogwira zidutswazo), semani pa lathe (makina ozunguza mtengo) ndi tchizulo chakuthwa, mosenga pang'onopang'ono, poti chotupa chimabenthuka msanga. Valani chotchinga mphuno ndi maso.

Kwechani ndi sandipepa kuyambira wa nambala 150 mpaka 600, pakani guluu wa CA (super glue) kangapo, pukutani mpaka chiwale, kenako lowetsani zitsulozo.