Momwe anzathu aku America amapangira mfuti ya chipolopolo cha wildcat

Ku America kuli anthu omwe zipolopolo za mushopu sizimawakwanira, amafuna chawochawo, ndiye amatenga case (chigoba chomwe mumakhala onga) ya chipolopolo chodziwika nkuyisintha khosi kapena phewa mpaka kutuluka china chomwe fakitale iliyonse sipanga. Chimenecho ndiye amati wildcat. Musachione ngati chibwana, .22-250 inayamba chonchi mzaka za m'ma 1930 ndipo kampani ya Remington inadzayitenga mu 1965, nayo .25-06 anayitenga mu 1969, pomwe 6mm PPC ya Lou Palmisano ndi Ferris Pindell ya 1975 yakhala ikuwina mipikisano ya benchrest (yoombera chandamale mfuti itakhazikidwa pa tebulo) zaka zambirimbiri. Ngakhale ku South Africa kuli 6mm Musgrave yomwe inachokera ku .303 British.

Tisanapite patali, kuno kwathu kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo popanda laisensi ndi mlandu waukulu, kupanga ndiye kuposa apo, nkhani iyi si ya gogodela wosulidwa kuseri kwa nyumba ayi. Ndikukamba za komwe malamulo amalola, ndipo komweko ntchito yoopsayo amaisiya mmanja mwa gunsmith, mmisiri wa mfuti wa mapepala ake.

Choyamba dzifunseni kuti chipolopolochi ndi chantchito yanji, kusaka kapena kuombera chandamale patali, chifukwa yankho lake ndi lomwe likuuzeni kulemera kwa bullet, kamutu ka chipolopolo komwe kamauluka mukaombera. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amathamangira kugula action (chitsulo chomwe chimalowetsa, kuombera ndi kutulutsa chipolopolo) ndi stock (chogwirira mfuti) yokongola kenako nkumaganiza za chipolopolo pambuyo, chonsecho mfuti yonse imamangidwa mozungulira chipolopolocho.

Kenako sankhani case ya kholo. Ine ndimati tengani yomwe brass yake, kutanthauza ma case opanda kanthu, imapezeka mosavuta, monga .308 Winchester yomwe inabala .243 Winchester ndi 7mm-08, kapena .30-06 yomwe inabala .35 Whelen. Ziwirizi kumatako kwake nzofanana, mainchi 0.473, ndiye bolt (chitsulo chotsekera chipolopolo kumbuyo) ya wamba imakwana osavutika. Njira zosinthira zilipo zingapo, kuchepetsa khosi kuti lilandire bullet yaing'ono, kulikulitsa, kufupikitsa case, kapena kuongola thupi ndi kukhwimitsa phewa ngati momwe ankachitira P.O. Ackley, gunsmith wa ku America yemwe ankakonda phewa la madigiri 40. Kwa woyamba kumene ya Ackley ndi yabwino kwambiri chifukwa chamber yake (malo a mu barrel momwe mumakhala chipolopolo) ikadulidwa bwino imalandirabe chipolopolo cha fakitale cha kholo lija, ukachiombera brass imafutukuka nkutenga maonekedwe atsopano, amati fireforming.

Tsopano pepala. Chilichonse chijambulidwe ndi miyeso yake, utali wa case, kukula kwa khosi, ndi throat komwe bullet imayambira kukhudza mizere ya mu barrel. Anthu amapanga chipolopolo cha dummy chopanda onga ndi primer (kachoyatsira onga), bullet itakhala pomwe akuifuna, nkutumiza limodzi ndi chojambulacho kwa osula reamer, chida chodulira chamber, ngati Manson, JGS kapena Pacific Tool and Gauge. Odaninso ma gauge a go ndi no-go, oyezera kuya kwa chamber, nthawi yomweyo. Ma die, zikombole zoumbira case ndi kukhazikira bullet, nawo ayenera kugwirizana ndi reamer yomweyo, Redding, Hornady ndi Whidden amapanga a custom koma amatenga miyezi ndithu, ndiye odani msanga musadzakhale ndi mfuti yatha koma yopanda chodya.

Action ambiri amatenga ya mtundu wa Remington 700 chifukwa ma trigger ndi ma stock ake ali mbwee, ena amakonda Savage 110 chifukwa cha nati yake ya pa barrel. Onetsetsani kuti magazini ikukwana utali wa chipolopolo chanu, zimawawa kupeza kuti bullet yaitali ija sikulowa. Barrel yosadulidwa chamber mutha kuoda kwa Krieger, Bartlein kapena Shilen, apa chachikulu ndi twist, kupotana kwa mizere ya mu barrel, bullet ikatalika imafuna kuzungulira mwachangu, nchifukwa chake ma 6.5mm aatali amawapatsa 1:8, kutanthauza kuzungulira kamodzi pa mainchi 8.

Zonsezi mumapita nazo kwa gunsmith, iye ndi amene amadula chamber pa lathe, kumanga barrel ndi kuyeza headspace (mpata womwe chipolopolo chimakhalamo bolt itatsekedwa), bolt itseke pa go koma ikane pa no-go. Muuzeni adinde dzina lenileni la chipolopolo pa barrel, izi musanyozere chonde, mfuti imakhalitsa kuposa mwini wake ndipo tsiku lina wina adzalowetsamo chipolopolo cholakwika ngati palibe cholembedwa. Ku Britain mfuti yotere singagulitsidwe isanayesedwe ku proof house, malo oyezera kulimba kwa mfuti, ya London kapena Birmingham.

Gawo lomwe limandidetsa nkhawa kwambiri ndi la onga. Zipolopolo za fakitale zili ndi malire a pressure omwe anaika mabungwe a SAAMI ku America kapena CIP ku Ulaya, wildcat ilibe, palibe labu yomwe inakuyezerani. Ndiye manambala a munthu wosamudziwa wa pa intaneti asiyeni, yambirani pa mlingo wotsikitsitsa wa mbuku la reloading (kudzipangira zipolopolo) wa chipolopolo chofanana nacho kwambiri, mutafunsa gunsmith wanu, nkumakwera pang'onopang'ono chronograph yoyezera liwiro la bullet ili pambali komanso magalasi ali mmaso. Bolt ikayamba kulimba potsegula, primer ikaphwatalala kapena pa brass pakaoneka kachipsera kowala ka ejector (kachitsulo kotayira case kunja), imani pomwepo mubwerere pansi, ndipo dziwani kuti zizindikirozi nthawi zina zimaoneka pressure itadutsa kale malire. Liwiro likaposa lomwe kukula kwa case kukuyenera kupereka, limenelo ndi chenjezo, si mwayi.

Lembani chilichonse mkabuku, reamer ndi ma die musunge pamodzi, chifukwa barrel ikadzatha mudzafuna reamer yomweyo kuti brass yanu yakale idzakwane mu chamber yatsopano.