Momwe mungayendere matauni akale a m'mphepete mwa nyanja ku Sussex

Kwa amene akukhala ku Britain kapena apita kukacheza kwa abale, gombe la Sussex, kumwera kwa England, ndi losavuta kufikako popanda galimoto, chifukwa Brighton, Eastbourne ndi Hastings ndi matauni olumikizidwa ndi njanji.

Choyamba, sankhani bwino nyengo. Juni ndi Seputembala ndiyo miyezi yabwino, popeza mu Ogasiti ana amakhala ali patchuthi ndipo malo ogona amakwera mtengo. Jekete musaisiye ngakhale dzuwa liwale bwanji.

Chachiwiri, pitani kusiteshoni ya London Victoria mukakwere sitima, yomwe imatenga pafupifupi ola limodzi kukafika ku Brighton. Njanji ya pakati pa London ndi Brighton inatsegulidwa mu 1841, ndipo ndiyo inathandiza kuti anthu wamba nawonso azitha kukapitidwa mphepo kunyanja n'kubwerako tsiku lomwelo.

Chachitatu, yambirani ku Royal Pavilion, nyumba yakale yachifumu, musanatsikire kugombe, chifukwa mbiri ya tauniyi yagona pamenepo. Brighton unali mudzi wa asodzi mpaka m'zaka za m'ma 1750, pamene dokotala Richard Russell anayamba kulimbikitsa odwala kusamba ndi kumwa madzi a m'nyanja. Anthu olemera anakhamukirako, kuphatikizapo kalonga yemwe anadzakhala Mfumu George IV, ndipo kuyambira mu 1815 katswiri wa zomangamanga John Nash anamukonzera nyumbayi, yomwe kunja kwake imaoneka ngati ya ku India pomwe mkati anaikongoletsa mwa Chitchaina. M'chipinda chodyera muyang'ane kumwamba, muone nyale yaikulu italendewera m'zikhadabo za chinjoka. Ndalama yolowera pakhomo ndi yosadandaulitsa.

Mukatuluka, yendani pa Palace Pier, mlatho wolowera m'nyanja womwe unatsegulidwa mu 1899. Mukayang'ana mbali ya kumadzulo mudzaona zitsulo zotsala za mlatho wina, West Pier, womwe unapsa mu 2003. Kenako kwerani kasitima kamagetsi ka Volk's, komwe kanayamba kuyenda mu 1883. Gombe lake ndi la timiyala osati mchenga, choncho nsapato musavule, ndipo tchipisi muzigwire bwino chifukwa mbalame za kunyanja zimakwatula chakudya m'manja mwenimweni.

Chachinayi, popita ku Eastbourne siyani sitima, mukwere basi nambala 12, ndipo mukhale pamwamba chakumanja kuti muziona nyanja. Basiyi imadutsa pafupi ndi maphompho oyera a Seven Sisters. Eastbourne ndi tauni yabata, ndipo theka la tsiku ndi lokwanira.

Chachisanu, Hastings muipatse tsiku lathunthu. Pamalo otchedwa The Stade asodzi amakokerabe maboti awo kumtunda, pafupi ndi tinyumba takuda, tatitali, tamatabwa, momwe ankasungiramo maukonde. Ofuna kuona malo a nkhondo yotchuka ya mu 1066, yotchedwa Battle of Hastings, adziwe kuti sinamenyedwere m'tauniyi koma m'katauni kotchedwa Battle, makilomita pafupifupi 10 kulowera kumtunda, ndipo sitima yochokera ku Hastings imaima kumeneko. Ngati mukubwerera ku London Lamlungu, yambani mwaona ndandanda ya sitima pa intaneti, chifukwa tsikuli ndi lomwe njanji zimakonzedwa kawirikawiri ndipo nthawi zina apaulendo amakwezedwa basi.