Momwe mungasankhire malo opezera bwenzi pa intaneti ngati mwapitirira zaka 50

Mu Lilongwe muno muli amayi ndi abambo ambiri amene atsala okha m'nyumba. Ana anakula n'kusamuka, mwamuna kapena mkazi anatsogola, kapena banja linatha kalekale. Kufuna mnzanu woti muzicheza naye pa msinkhu umenewu si chinthu chochititsa manyazi, ndipo foni ya m'manja ikhoza kukuthandizani. Vuto n'lakuti mapulogalamu a zibwenzi ambiri anapangidwira achinyamata a kunja, ndipo akathyali amadziwa kuti munthu wachikulire amakhala ndi penshoni, nyumba ya lendi kapena kamunda. Choncho tiyeni tiyende pang'onopang'ono.

Choyamba: dziwani chimene mukufuna

Musanatsitse pulogalamu iliyonse, dzifunseni: ndikufuna banja, kapena mnzanga wongocheza naye? Ndikufuna wa mpingo wanga? Ndingalole kusamuka, kapena ndikufuna wa konkuno? Yankho lake ndi limene likusankhireni malo.

Chachiwiri: sankhani malo amene muli anthu a pafupi

Apa ndi pamene ambiri amaluzira ndalama. Mukafufuza pa Google mudzaona mayina ngati OurTime ndi SilverSingles, amene anapangidwira anthu a zaka 50 kupita m'tsogolo. Dzina lake n'lokopa, koma anthu ake ali ku America ndi ku Ulaya. Munthu wa ku Kawale kapena ku Area 25 sapindula kanthu polipira kuti aone zithunzi za anthu amene sadzakumana nawo.

Tinder ndi Badoo n'zodziwika kwambiri, ndipo zimaonetsa anthu potengera mtunda umene ali kuchokera pamene muli. Achinyamata ndiwo ochuluka, koma mumatha kusankha zaka zimene mukufuna komanso mtunda wake. AfroIntroductions imayang'ana anthu a mu Africa ndi amene ali kunja, ndipo mbiri ya munthu imakhala yotalikirapo, zomwe zimathandiza wofuna banja, ngakhale kuti kulemberana momasuka kumafuna kulipira. Kwa Asilamu kuli Muzz, yomwe inapangidwira ofuna ukwati. Palinso magulu a pa Facebook ndi pa WhatsApp a ofuna banja. Amenewa ndi aulere ndipo mumayankhulidwa Chichewa, koma ine sindiwakonda: pa WhatsApp nambala yanu imaonekera kwa aliyense wa m'gululo, ndipo mulibe amene amaona ngati munthu alidi amene akudzitchulayo.

Njira yoyesera ndi iyi. Lembetsani mwaulere, ikani zaka zimene mukufuna, ikani mtunda woti ufike ku Lumbadzi, ku Mitundu ndi ku Nathenje, kenako muone kwa sabata imodzi kuti mukutuluka anthu angati. Ngati mukutuluka atatu omwewo tsiku ndi tsiku, chokanimo muyese kwina. Musalipire musanaone.

Chachitatu: onani ngati pulogalamuyo imakutetezani

Yabwino iyenera kukhala ndi zinthu zitatu. Ikhale ndi njira yotsimikizira kuti chithunzi ndi cha mwini wake (pa Tinder kumakhala kachizindikiro pafupi ndi dzina). Ikhale ndi batani la block, loletsa munthu kukulemberani, ndi la report, lomuneneza kwa eni pulogalamu. Ikuloleninso kufufutiratu akaunti yanu mukatopa nayo. Itsitseni pa Play Store kapena pa App Store basi, osati pa link imene wina wakutumizirani.

Chachinayi: nkhani ya malipiro

Malipiro ambiri amakhala m'madola ndipo amafuna khadi la ku banki. Ndi mmene kwacha ilili, ndalama yooneka yochepa pa sikirini imakhala yambiri ikachoka mu akaunti. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti malipirowa amadzichotsa okha mwezi uliwonse mpaka mutawaletsa, ndipo kungochotsa pulogalamuyo pa foni sikuwaletsa. Ngati munalipira kudzera mu Play Store, muyenera kulowa momwemo, pamene alemba kuti subscriptions, n'kuletsa pamenepo. Ngati mwaganiza zolipira, lipirani mwezi umodzi wokha. Musaiwalenso kuti zithunzi ndi mavidiyo zimadya bando.

Chachisanu: lembani mbiri yanu moona, koma mosaulula zonse

Ikani chithunzi cha posachedwa, nkhope ikuoneka bwino. Imvi si vuto. Amene akufuna munthu wa msinkhu wanu akuziyembekezera. Musajambulitse pa geti la nyumba yanu, pafupi ndi nambala ya galimoto, kapena muli ndi zidzukulu. Lembani kuti mumakhala ku Lilongwe, osatchula dera ndi msewu. Nenani zimene mumakonda, kaya ndi kwaya, mpira, ulimi wa nkhuku kapena bawo, chifukwa n'zimene zimayambitsa macheza. Za penshoni ndi za nyumba za lendi zikhale zanu. Chiphaso cha unzika, nambala ya chinsinsi ya Airtel Money kapena ya Mpamba, ndi manambala amene amabwera pa uthenga potsimikizira akaunti, musapatse munthu ngakhale atakoma pakamwa bwanji.

Ngati foni imakuvutani, pemphani mwana kapena mdzukulu wamkulu amene mumamukhulupirira akuthandizeni. Zimachititsa manyazi tsiku loyamba lokha, ndipo n'kwabwino kuti m'banjamo mukhale munthu mmodzi wodziwa.

Chachisanu ndi chimodzi: zindikirani kathyali

Pano ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene mitima ndi ndalama za anthu zimathera. Kathyali sapempha ndalama tsiku loyamba. Amayamba ndi kukupatsani moni m'mawa uliwonse, kukufunsani ngati mwadya, kukumbukira dzina la malemu. Kwa munthu amene wakhala zaka osamva mawu otere, zimenezi zimalowa mpaka mumtima. Pasanathe masabata awiri amanena kuti amakukondani, ndipo amafuna muchoke pa pulogalamuyo mupite pa WhatsApp, kumene eni pulogalamu sangamuone.

Kenako nkhani imabwera. Ena amati ndi msilikali, dokotala kapena injiniya amene ali kunja, ndipo akutumizirani katundu: foni, laputopu, ndalama mu envulopu. Mawa lake wina amakuimbirani kuti katunduyo wagwidwa pa bwalo la ndege la Kamuzu ndipo mulipire msonkho pa nambala ya foni ya munthu. Katunduyo kulibe. Msonkho wa boma sulipiridwa pa nambala ya munthu wamba. Ena ndi a konkuno, oyankhula Chichewa chabwinobwino: mayi adwala, mwana wathamangitsidwa fizi, thiransipoti yochokera ku Kasungu yaperewera. Mukatumiza kamodzi, mavuto ake sathanso. Palinso amene amapempha zithunzi za m'chipinda, kenako n'kuopseza kuti azitumiza ku mpingo ndi kwa ana anu mukapanda kulipira.

Lamulo langa ndi limodzi: munthu amene simunamuonepo maso ndi maso musamutumizire ndalama, ngakhale ya mayunitsi. Mufunseni kuti muyankhulane pa vidiyo. Ngati kamera yake imakhala yowonongeka nthawi zonse, mwadziwa. Mukhozanso kuika chithunzi chake pa Google Lens, pulogalamu yofufuzira zithunzi pa intaneti, kuti muone ngati chikupezeka kwina ndi dzina lina. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu woona mtima sakwiya mukamufufuza.

Ngati zachitika kale, musabise. Sungani mauthenga ndi manambala amene munatumizako ndalama, dziwitsani kampani ya foni kapena banki yanu tsiku lomwelo, ndipo kanenani ku polisi ya pafupi, kaya ku Area 3, ku Lingadzi, ku Kawale kapena ku Kanengo. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lokhudza milandu ya pa intaneti, Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo kubera kapena kuopseza munthu pa foni ndi mlandu. Wolakwa ndi wakubayo, osati inu.

Chachisanu ndi chiwiri: kukumana

Kumanani masana pamalo a anthu ambiri, monga ku Gateway Mall kapena pa malo odyera a mu Old Town. Pitani nokha ndipo mubwerere nokha, asakutengeni kunyumba. Uzani m'bale wanu kumene muli ndi nthawi imene mubwerere. Ola limodzi ndi lokwanira.

Zikayamba kukoma

Intaneti yangokuonetsani munthu, ntchito yotsalayo ndi ya masiku onse. Dziwani kwawo, mudzi wake ndi mfumu yake, mpingo kapena mzikiti umene amapemphera, ndipo muonane ndi abale ake. Abambo ena amalemba kuti ndi osakwatira mkazi ali kumudzi, ndipo amayi enanso amatero. Wachibale mmodzi akhoza kukuuzani zoona tsiku limodzi. Kayezetseni magazi limodzi musanapite patali, chifukwa HIV siyang'ana zaka. Ku Bwaila ndi ku Lighthouse pa chipatala cha Kamuzu Central amayeza, komanso m'zipatala za m'madera.

Mukafika poganiza za banja, ankhoswe alowepo monga mwa mwambo, ngakhale muli ndi zidzukulu. Khalaninso pansi ndi ana anu mukambirane za nyumba ndi malo, ndipo lembani wilo. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, koma pakakhala ana a banja loyamba ndi mnzanu watsopano, wilo yolembedwa bwino ndi imene imanena poyera kuti nyumba ya ku Area 49 ndi ya ndani, munda wa kumudzi ndi wa ndani. Loya kapena ofesi ya Legal Aid Bureau akhoza kukuuzani kalembedwe kake.